Mmene Mungamasulire Crossword ya Cyclops mu Magazini ya Private Eye

Magazini ya Private Eye inayamba kusindikizidwa ku London mu 1961, imatuluka kamodzi pa milungu iwiri iliyonse, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kufukula zobisika za anthu audindo ndi kuwanyogodola mopanda mantha. Chakumapeto kwake kumakhala crossword, masewera odzaza mawu m'timabokosi poyankha mafunso, ya timabokosi 15 chopingasa ndi 15 chotsika, imene wotchera wake amadzitcha Cyclops. Dzina lake lenileni ndi Eddie James, ndipo mu nyuzipepala ya The Guardian amatchera mafunso pa dzina la Brummie. Munthu wozolowera crossword wamba, momwe amakufunsani likulu la dziko la France inu n'kulemba PARIS, akafika pa tsamba limeneli amaona ngati Chingerezi chonse chamuthawa, chifukwa funso lililonse limawerengeka bwinobwino koma silisonyeza chimene likufuna. Vuto silikhala Chingerezi chanu ayi. Mafunsowa ali ndi malamulo awo, ndipo malamulowo ndi ophunzirika.

Lamulo loyamba, limene ena onse amatsamirapo, ndi lakuti chiganizo chimene mukuwerenga ndi nyambo chabe. Pafupifupi funso lililonse lili ndi mbali ziwiri. Mbali imodzi ndi tanthauzo lenileni la yankho, ndipo imakhala koyambirira kapena kothera kwa funso, osati pakati. Mbali inayo ndi malangizo a mmene mungamangire yankho lomwelo chilembo ndi chilembo. Nambala imene ili m'mabulaketi kumapeto imakuuzani kuchuluka kwa zilembo, kotero (6) ndi liwu limodzi la zilembo 6, pamene (3,4) ndi mawu awiri. Mwambo umenewu unakhazikika ku Britain kudzera mwa otchera a nyuzipepala ya The Observer, makamaka Derrick Macnutt, wodziwika kuti Ximenes, amene mu 1966 analemba buku lofotokoza chilungamo chimene wotchera ayenera kuchitira womasula. Wotchera ali ndi ufulu wokusocheretsani ndi kaonekedwe ka chiganizo, koma malangizo obisikawo ayenera kukhala oona ndi okwanira. Mu Private Eye nyamboyo imakhala yonona kwambiri, chifukwa imakamba za nduna, za banja lachifumu ndi za kuchipinda, ndipo maganizo anu akangotsatira miseche imeneyo mwakodwa kale.

Zitsanzo zonse zotsatirazi ndazipeka ndekha potsata kachitidwe ka tsambalo, ndipo ndiyamba ndi mtundu umene woyamba kumene ayenera kuusakasaka asanayese china chilichonse, umene ndi wosokoneza zilembo. Taonani funso ili: “Tories tired and emotional in raid (6)”. Poliwerenga mukuona andale a chipani cha Conservative atatopa pa chiwembu china, koma chithunzi chimenecho chitayeni. Werengani zilembo za liwu lililonse, mupeza kuti “Tories” lili ndi zilembo 6, zofanana ndi nambala ya kumapeto, ndipo ichi ndi chizindikiro choyamba. Chachiwiri ndi mawu akuti “tired and emotional”, amene m'chilankhulo cha magaziniyi amatanthauza kuledzera. Anatchuka m'zaka za m'ma 1960 pofotokoza George Brown, nduna ya boma la Harold Wilson imene inkadziwika ndi kukonda chakumwa, popeza kulemba poyera kuti nduna yaledzera kukanatengera magaziniyi kukhoti. Liwu loledzera limadzandira, zilembo zake n'kusinthana malo. Sokonezani T, O, R, I, E, S kufikira mutapeza liwu lotanthauza “raid”, ndipo mupeza SORTIE. Mawu onse onena za kuledzera, kusweka, misala, kuvina kapena chisokonezo, monga “drunk”, “broken”, “mad” ndi “wild”, akhoza kugwira ntchito yomweyi, ndipo Cyclops amawonjezapo mawu otukwana a m'misewu ya ku Britain otanthauza chinthu chowonongeka. Polimbana ndi funso lotere, lembani zilembozo mozungulira m'mphepete mwa pepala mosatsata dongosolo lake loyamba, chifukwa diso likamaona liwu lakale limakana kuona latsopano.

Mtundu wina wosavuta ndi wobisa yankho poonekera. Mu funso lakuti “In the city, some Labour bans (5)”, liwu lakuti “some” likukuuzani kuti mutenge chidutswa chokha cha mawu otsatirawo, ndipo mukayendetsa pensulo pa “Labour bans” mupeza URBAN ali pamenepo, kuyambira pa U wa liwu loyamba kufika pa N wa lachiwiri. Mafunso otere sachuluka pa tsamba limodzi, koma ngakhale akatswiri amawalumpha chifukwa choyembekezera zovuta.

Pamene pamafunika kuleza mtima ndi pa mafunso omanga yankho ndi tizidutswa, chifukwa apa m'pamene muyenera kuphunzira zidule zimene otchera onse a ku Britain amagawana, komanso mayina a chinsinsi a magaziniyi. Private Eye inkatcha Mfumukazi Elizabeth II kuti Brenda, ndipo mwana wake Charles, amene analowa ufumu mu 2022, imamutcha Brian. Chidule cha mfumukaziyo m'Chilatini, chimene chili pa mabokosi ambiri a makalata ku Britain, ndi ER. Tsono funso lakuti “Brenda follows fortified wine with beer (6)” silikunena za phwando la kunyumba yachifumu. Vinyo wowonjezedwa mphamvu ndi PORT, Brenda ndi ER, ndipo “follows” akusonyeza kuti ER abwere pambuyo. Mukalumikiza mupeza PORTER, mtundu wa mowa wakuda, ndipo tanthauzo lake, “beer”, lili kumapeto monga mwa lamulo. Onani kuti palibe liwu logona pachabe kupatula “with”, limene langolumikiza mbali ziwirizo.

Nthawi zina chidutswa chimodzi chimalowa m'mimba mwa chinzake. Mu “Politician drowned in beer: more than enough (5)”, wandale ndi MP, mowa ndi ALE, ndipo wandaleyo wamira mkati mwa mowawo, kotero A, kenako MP, kenako LE, zikupereka AMPLE, kutanthauza zokwanira ndi kutsalako. Apa “beer” wasintha udindo, chifukwa mu funso lapitali anali tanthauzo pamene muno ndi chomangira, ndipo n'chifukwa chake simuyenera kukhulupirira liwu chifukwa cha mmene munalionera dzulo. Mawu monga “in”, “holding”, “swallowing” ndi “outside” ndi amene amakuchenjezani za mtundu umenewu.

Zidule zofunika kuziloweza ndi zambiri, koma zimabwera mobwerezabwereza mwakuti pakatha miyezi iwiri kapena itatu zimakhala m'mutu. Chipani cha Conservative ndi C kapena CON, cha Labour ndi LAB, nduna yaikulu ndi PM, mkonzi wa nyuzipepala ndi ED, phwando ndi DO, woyendetsa sitima ya pamadzi ndi AB kapena TAR, ndipo wantchito kawirikawiri amakhala ANT, nyerere. Manambala a Chiroma amapereka L pa 50, C pa 100, D pa 500 ndi M pa 1000. Masewera a cricket, amene ambiri a ife sitinakule nawo, amapereka R pa “run”, C pa “caught”, B pa “bowled” ndi O pa “duck”, pakuti wosewera amene watuluka osapata kanthu amati wapeza dzira la bakha, ndipo dzira limafanana ndi ziro. Mu tenisi “love” ndi O chifukwa limatanthauza ziro. Wotchera akadzitchula yekha dzina, yankho limafuna I kapena ME. Palinso chinyengo chakale chimene chimakola aliyense kamodzi: “flower” akhoza kukhala duwa, koma akhozanso kukhala chinthu choyenda ngati madzi (kuchokera ku “flow”), ndiye kuti mtsinje, monga Thames, Dee, Exe kapena Cam, ndipo “number” akhoza kukhala mankhwala ochititsa dzanzi (kuchokera ku “numb”) m'malo mwa nambala.

Kudula ndi kutembenuza mawu sikufuna kufotokoza kwambiri. “President loses head, showing backside (4)” akufuna kuti muchotse chilembo choyamba pa TRUMP, patsale RUMP, ndipo nthabwala ya mtundu umenewu ndi imene tsambali limakonda. “Celebrity sent back for traitors (4)” akutembenuza STAR kukhala RATS. Chenjerani kokha kuti mawu otembenuzira amatsata mbali imene yankho lalowera: “back” amagwira makamaka pa yankho lopingasa, pamene “up” kapena “rising” amagwira pa lotsika. Funso lalifupi kwambiri, la mawu awiri kapena atatu, kawirikawiri limakhala matanthauzo awiri a liwu limodzi ataikidwa pamodzi, monga “Work party (6)”, limene yankho lake ndi LABOUR, ntchito komanso chipani.

Mafunso a mawu omveka mofanana ndi amene ine ndimawaona kuti ndi ovutirapo kwa ife olankhula Chichewa, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Funso likati “we hear”, “reportedly” kapena “on the radio”, likufuna liwu lomveka ngati linzake, monga RAIN ndi “reign”. Koma khutu limene likuweruza ndi la kumwera kwa England, kumene “court” ndi “caught” amamveka chimodzimodzi, monganso “source” ndi “sauce”, chifukwa R wa pambuyo pa vawelo satchulidwa. Kumbali inayo, m'Chichewa L ndi R sasiyanitsa tanthauzo la liwu, kotero khutu lathu likhoza kuvomereza “lead” ndi “read” ngati mapasa, pamene wotchera sangawaone choncho. Tchulani mawuwo mokweza monga amachitira owerenga nkhani a BBC musanalembe yankho. Koma pa mafunso okhala ndi chizindikiro chofunsira kumapeto, amene alibe zomangira koma tanthauzo lokhotakhota basi, ife tili ndi mwayi, pakuti ndi zilapi zenizeni. Amene anakula akuyankha kuti nyumba yopanda khomo ndi dzira amadziwa kale kuti chinthu chodziwika chikhoza kufotokozedwa moona koma mosazolowereka.

Chimene chimasiyanitsa Cyclops ndi otchera a The Times kapena The Daily Telegraph ndi zinthu ziwiri, ndipo zonse zimafuna kukonzekera. Choyamba ndi nkhani za masiku omwewo. Mayina a nduna, a atsogoleri a zipani ndi a anthu amene ali m'kamwam'kamwa sabata imeneyo amalowa m'mafunso, nthawi zina ndi dzina loyamba lokha, kotero ndi bwino kuwerenga magazini yonse musanafike pa crossword, ndi kudziwa amene ali pa mipando ikuluikulu ku Westminster, kumene kuli nyumba ya malamulo ya Britain. Mukatero mudziwanso kuti Lord Gnome ndi mwini wongopeka wa magaziniyi, kuti mkonzi wake weniweni kuyambira 1986 ndi Ian Hislop, ndi kuti “Ugandan discussions” ndi mawu ozimbaitsa onena za kugonana. Chachiwiri ndi kutukwana. Mayankho ndi zomangira zambiri zimachokera ku mawu a ziwalo zobisika ndi a kuchimbudzi, amene sitinawaphunzire m'kalasi ndipo sitingawatchule pamaso pa apongozi. Mwambo umenewu ndi wakale, pakuti Tom Driberg, phungu wa Labour amene ankatchera crossword ya magaziniyi pa dzina la Tiresias kuyambira 1969, ankadziwika ndi mafunso olaula kwambiri. Ngati liwu lamanyazi likukwanira m'timabokosi ndipo zomangira zikuvomereza, musalikane chifukwa cha ulemu wanu, pakuti mwina ndi lomwelo.

Pokhala pansi ndi tsambalo, gwiritsani ntchito pensulo, ndipo musakakamire pa funso loyamba. Werengani mafunso onse kamodzi mofulumira, mukuika kadontho pa amene akuoneka kuti ndi osokoneza zilembo kapena obisa yankho, kenako yambani ndi amenewo. Yang'ananinso mayankho aatali amene amagawidwa pa malo awiri kapena atatu, omwe funso lake limalembedwa pa nambala imodzi pamene pa inayo pamangolembedwa “See” ndi nambala ya funsolo. Amenewa amaopsa, koma limodzi likagwa limapereka zilembo zambiri zothandiza mafunso ena. Pa funso lililonse lokanika, lembani mzere pansi pa liwu loyamba ndi pansi pa lomaliza, yesani lililonse ngati tanthauzo, kenako funsani liwu lililonse lotsalalo ntchito imene likugwira. Musalabadire zizindikiro zopumira monga koma (,) ndi zilembo zazikulu za m'chiganizo, chifukwa wotchera amaziika pofuna kulumikiza mawu oyenera kulekanitsidwa ndi kulekanitsa oyenera kulumikizidwa. Zilembo zopingasana zikakupatsani liwu looneka loyenera, musalilembe motsindika musanafotokoze mmene chilembo chilichonse chabwerera, popeza yankho limodzi lolakwika limatseka ngodya yonse.

Dikishonale imene otchera ambiri a ku Britain amadalira ndi Chambers, ndipo kuitsegula si kubera kwa munthu amene akuphunzira. Mukatopa, siyani tsambalo kufikira mawa, pakuti muli ndi milungu iwiri magazini ina isanatuluke, ndipo funso limene linakana usiku kawirikawiri limamasuka lokha m'mawa. Mayankho akatuluka, musangoona amene munalephera n'kutseka. Tengani yankho lililonse limene linakukanikani, libwezereni pa funso lake, mupeze tanthauzo, chizindikiro ndi zomangira, ndipo chidule chilichonse chachilendo muchilembe m'kope lanu pamodzi ndi funso limene munachipezamo.