Mwana wobanika atangobadwa: amene ali pachiopsezo ndi ati?

Amayi oyembekezera, ndi inu abambo ndi azipongozi owasamalira, mapapo ndi amodzi mwa ziwalo zomwe zimachedwa kukhwima mwana ali m'mimba. M'mapapomo mumapangidwa timafuta tina, madokotala amati safakitanti, tomwe timathandiza kuti timatumba ta mpweya tisamatirire mwana akapuma. Timafutati timakwanira pakati pakafika masabata 34 mpaka 36. Wobadwa nthawiyi isanafike amapuma mothamanga kupitirira ka 60 pa mphindi imodzi, amabuula, nthiti zimalowa mkati, milomo n'kuyamba kuda.

Choncho chiopsezo chachikulu ndi kubadwa masiku asanakwane, ndipo kuno ku Malawi si nkhani yachilendo. Lipoti la mu 2012 la bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO ndi anzake linasonyeza kuti ana pafupifupi 18 mwa 100 aliwonse ankabadwa chotere. Malungo, kuchepa magazi, chindoko, matenda a m'chikhodzodzo, kuthamanga kwa magazi, kutenga pakati msinkhu usanakwane ndi kubereka mothinana, zonsezi zimafulumizitsa mwana. N'chifukwa chake timaumirira kuti muyambe sikelo miyezi itatu isanathe, mumwe Fansidar ndi mapiritsi owonjezera magazi, mugone m'neti. Za mwanamphepo ndinene mosabisa: azakhali, musampatse mayi. Mimba siikakamizidwa.

Pali zina zomwe ambiri sazidziwa. Mayi wa matenda a shuga amatha kubereka mwana wonenepa bwino, anthu n'kumasangalala, pomwe shugayo wachedwetsa mapapo kukhwima. Mapasa nawo amakonda kubwera msanga, ndipo wachiwiri ndi amene amavutika kwambiri. Ana aamuna amabanika kuposa aakazi. Opareshoni yobereketsa yochitika matenda a kubereka asanayambe, makamaka masabata 39 asanakwane, imawonjezeranso chiopsezo, kotero tsiku lake muwasiyire adokotala. Ngati munaberekapo mwana wobanika, auzeni anamwino tsiku loyamba lomwe.

Chimene ndikufuna musunge kwambiri ndi nthawi. Pakati pa masabata 24 ndi 34 pali jakisoni wa dexamethasone yemwe amabayidwa kwa mayi kuti mapapo a mwana akhwime msanga. Koma amafuna tsiku lathunthu kapena kuposerapo kuti agwire bwino ntchito. Nsupa ikasweka, kapena msana ndi mimba zikayamba kupweteka mwezi usanafike, musadikire kuti kuche kapena kuti bambo abwere kaye kudimba. Nyamukani. Okhala kutali, ndi onse amene auzidwa kuti ali ndi mapasa, pitani kuchidikiro nthawi ikadalipo.

Mwana akabadwa, kuzizidwa kumakulitsa vutoli. Mupukuteni, musamusambitse, muvekeni chipewa n'kumuika pachifuwa pa mayi khungu kukhudzana, ngakhale muli panjira. Kuzipatala zazikulu ndi za m'maboma kuli makina a CPAP, monga a Pumani omwe anayesedwa koyamba ku Queen Elizabeth ku Blantyre, othandiza kuti mapapo akhale otseguka mpaka mwana atayamba kudzipangira yekha timafuta tija.