Momwe mungayalire kanjanji kanu m'katchire ka kumunda

Njanji yochokera ku Mchinji inafika ku Chipata mu 2010, koma ambirife sitinakwerepo sitima yake. Ku England kuli anthu amene amayala tinjanji tawotawo m'minda ndi m'nkhalango, kungofuna kusangalala. Mpata wa pakati pa zitsulo ziwiri kawirikawiri umakhala mamilimita 184, pamene njanji yathu yaikulu ndi 1,067. Musaganize kuti ndi za olemera okha. Mlimi wa ku France, Paul Decauville, anayamba kuyala tinjanji tonyamulika m'ma 1870 chifukwa ngolo zinkatitimira m'matope pokolola. Ngati muli ndi katchire ka mibulugamu kapena misuku kuseri kwa munda, nanunso mutha kuyesa.

Musanagwire khasu, kaonaneni ndi anyakwawa. Ngati malowo ndi a mfumu, auzeni zimene mukufuna kuchita, chifukwa anthu akaona zitsulo zikulowa m'tchire amayamba kunena kuti mwapeza miyala ya mtengo wapatali. Ku Zambia kudula mitengo yachilengedwe kuli ndi lamulo lake, Forests Act ya 2015, ndiye funsani ku ofesi ya zankhalango. Chabwino n'chakuti njanjiyo izilambalala mitengo, osaigwetsa. Kukoma kwake kuli pa mthunziwo.

Kenako sankhani njira. Apa ndi pamene pagona ntchito yonse, ndipo dziko lathu la mapirili silinyengerera munthu. Chitsulo pa chitsulo chimaterera: kangolo kakayamba kutsika phiri simungakagwire ndi manja. Pa mita iliyonse nthaka isakwere kapena kutsika kuposa masentimita 2. Poyeza simufunika makina. Tengani paipi yoonekera mkati ija amagwiritsa ntchito amisiri omanga, thirani madzi, wina agwire uku wina uko, muzikhoma zikhomo molingana ndi madziwo. Pokhota pakhale potakasuka, ngati mmene ngolo ya ng'ombe imakhotera, osati ngati njinga. Ndipo kayendereni njirayo mvula itangogwa mu Januwale, muone pamene madzi amadutsa. Pamenepo mudzaika paipi pansi kapena kamlatho. Amene amayeza mu Ogasiti pouma amadzapeza njanji yake ili lende pamwamba pa chigwembe.

Yambani ndi mamita 30 okha. Lambulani udzu, chotsani dothi la pamwamba, sinjani ndi chipika, kenako yalani miyala ya kwale yokhuthala ngati m'lifupi mwa chikhatho.

Za mpata, ine sindikonda wa 184 uja. Ndi wopapatiza, munthu wamkulu akapendekeka pang'ono kangolo kamagudubuzika. Tengani masentimita 60, kuti Loweruka ana azikwera koma Lolemba mutute nkhuni ndi manyowa. Dulani kathabwa ka muyeso umenewo, muzikayika pakati pa zitsulo paliponse pamene mukukhoma.

Mitanda ya pansi, imene zitsulo zimakhalapo, ndiyo chakudya cha chiswe. Bulugamu wosathira mankhwala sakhalitsa. Gulani mapolo othira kale mankhwala, kapena umbani mitanda ya simenti muli ndi waya mkati, ngati mmene timaumbira zipilala za mpanda. Italikirane masentimita 40 kapena 50.

Zitsulo zenizeni za njanji musazifune, ndipo wina akabwera nazo usiku kuti akugulitseni, m'bwezeni: n'zakuba, mudzagona nazo m'chitokosi. Angle iron (chitsulo chopindika ngati L) yokhuthala imakwanira kangolo kokankha. Imagulitsidwa m'mamita 6. Polumikiza siyani kampata ka mamilimita 2 kapena 3, pakuti dzuwa la Okutobala limafutukula chitsulo ndipo chikasowa kopita chimapindika. Mangani ndi mabawuti, musawotcherere zonse pamodzi.

Kangolo kapangitseni kwa owotcherera, monga aja a cha ku Kapata ku Chipata. Auzeni kuti matayala akhale achitsulo, okhala ndi mlomo mkati wogwira njanji, ndiponso maberingi. Kakhale kafupi ndi nthaka. Buleki musaiwale, ngakhale ya thabwa lokanikiza tayala. Za injini dikirani kaye. Mukakankha ndi manja kwa chaka chimodzi mudzadziwa pamene njanji ikunjenjemera, ndipo pambuyo pake mota ya batire yochajidwa ndi sola ingakwane.

Tsiku loyesa musakweze mwana. Kwezani matumba awiri a chimanga a makilogalamu 50, kankhani pang'onopang'ono mukumvetsera. Pamene pagogoda, imani, pakirani miyala pansi pa mtanda. Kumathero onse awiri khomani chipika chotchinga.

Mvula ikatha, cha mu Meyi, lambulani udzu mamita awiri mbali zonse lupsa lisanayambe, poti osaka mbewa safunsa kuti tchire ndi la yani. Kangolo kazigona kunyumba, komangidwa ndi tcheni.