Momwe mungamangire deki ya combo mu Magic: The Gathering

Anzathu ambiri akangoyamba Magic, gemu ya makhadi ija, amathamangira deki ya combo, ija yoti makhadi awiri akangokumana basi gemu yatha pompo. Zimakoma zedi, koma kamangidwe kake kamafuna mutu, nde ndati ndifotokoze kudzera pa deki imene ndimaikonda kwambiri, Splinter Twin ya mu Modern (mtundu umodzi wa kaseweredwe ka Magic). Samuele Estratti anawina nayo mpikisano waukulu wa Pro Tour ku Philadelphia mu 2011, a Wizards of the Coast, eni ake gemuyi, anailetsa mu Januwale 2016, kenako n'kuibwezanso mu Disembala 2024.

Choyamba dziwani combo yanuyo mpaka muzitha kuifotokoza mutatsinzina. Deceiver Exarch ndi creature (khadi lomenyera), imadya mana 3 (mana ndi mphamvu yolipirira makhadi, yochokera ku ma land), ili ndi flash (mutha kuiponya ngakhale pa turn ya mdani), ndipo ikamalowa imadzutsa khadi lanu limodzi kapena kugoneka la mdani (kugoneka ndi kutembenuza khadi chammbali kuti lagwira kale ntchito, kudzutsa ndi kulibwezeretsa). Splinter Twin imadya mana 4, mumaiveka creature, creature ija mukaigoneka imabala kope yake yokhala ndi haste, yotha kumenya pompo ikangolowa. Kope ikalowa imadzutsa Exarch yoyamba ija, mwagonekanso, kope ina yabadwa, choncho choncho mpaka mutanena nokha kuti zakwana 1,000, zonse n'kukamenya limodzi. Koma apa tcherani khutu: creature yongolowa kumene siigoneka pa turn yomweyo, n'chifukwa chake Exarch mumaiponya kumapeto kwa turn ya mdani, n'kumugonekera land imodzi kuti asowe mana oyankhira, inu mukadzuka pa turn 4 Twin pamwamba.

Chachiwiri ndi masamu, ndipo musawathawe. Deki ndi makhadi 60, khadi limodzi silipitirira makope 4 kupatula ma basic land. Mukaika makope 4 okha, mwayi woti limodzi libwere m'manja mwa makhadi 7 oyamba ndi pafupifupi 40 peresenti, koma akakhala 8 ogwira ntchito yofanana umakwera kufika cha m'ma 65. Nde funani amapasa. Pestermite naye ndi mana 3 ndi flash ndipo amachita zomwezo, Kiki-Jiki, Mirror Breaker amalowa m'malo mwa Twin ngakhale amadya mana 5. Musapitirire 60 ayi, khadi lililonse loonjezera likungotalikitsa combo yanu. Ma land 23 kapena 24 amakwana.

Kenako makhadi ofufuzira, monga Serum Visions, mana 1 yokha mwakoka khadi n'kusuzumira awiri apamwamba. Apa palibe zambiri, ikani 4.

Pomwe ambiri timagwera ndi pa chitetezo. Tsiku lina ndili ndi Pestermite pa tebulo, ma land 4 ndendende, Twin ili m'manja, mnzanga wasiya Mountain imodzi chilili osaigwira. Mtima unathamanga, ndinagoneka ma land onse n'kuponya Twin, iye osalankhula kanthu anangotembenuza Mountain ija, land yopereka mana ofiira, n'kuponya Lightning Bolt kupha Pestermite, makhadi anga awiri kumanda iye ataononga limodzi. Dispel, khadi loletsa Bolt yoteroyo, inali m'manja mwanga momwemo, imangofuna mana 1, ndikanadikira turn imodzi yokha basi. Zinandiwawa ndithu, ndipo kuyambira pamenepo ndimawerenga ma land a mdani ndisanawerenge anga, ngati momwe wa bawo amayambira wayang'ana maenje a mnzake asanatape. Dziwaninso kuti Bolt imamenya 3, nde Pestermite wa toughness (kulimba kwake) 1 amafa koma Exarch wa toughness 4 amapirira, n'chifukwa chake Exarch timaika 4 yonse pomwe Pestermite ochepa. Remand nayo ndiyofunika, imabwezera spell ya mdani m'manja mwake inu n'kukoka khadi, mwagula nthawi. Koma Abrupt Decay, imene imapha Exarch ndi Pestermite yemwe, siletsedwa ndi counterspell (khadi loletsa spell) iliyonse, imeneyo muzingoikumbukira mukaona mdani wa makhadi akuda ndi obiriwira.

Chachinayi, deki ikhale ndi njira ina yowinira. Kwa ine apa mpamene pali mphamvu yeniyeni ya Twin. Mdani amaopa combo, amasunga mana turn iliyonse osaponya zake, inu uku mukumudya pang'onopang'ono ndi Pestermite wouluka uja, Bolt kumaso, Snapcaster Mage n'kuibwerezanso Bolt yomweyo. Magemu ambiri amatha Twin isanatuluke n'komwe. Deki yongodalira combo yokha ikakumana ndi Spellskite, amene amakokera Twin kwa iye mwini, imangoti kakasi.

Tsopano kuyesa. Musagule kaye, kwathu kuno makhadiwa sapezeka wamba, lembani mayina pa timapepala mulowetse m'masilivu, kapena yesani pa kompyuta ndi Cockatrice kapena XMage, ndi zaulere. Sewerani nokha opanda mdani kokwana 20, muzilemba m'kope turn imene combo yakwana komanso manja angati munabweza. Mukatero pezani mnzanu wa deki yodzaza ndi removal (makhadi ophera ma creature), amene uja mumamuopa, ndi amene angakuonetseni pofooka.

Posintha, chotsani khadi limodzi kapena awiri basi n'kuyesanso, mukasintha 6 nthawi imodzi simudziwa chimene chathandiza. Sideboard ndi makhadi 15 apambali osinthira pakati pa magemu, ndipo gemu yachiwiri mdani amakhala walowetsa zonse zophera combo, nde nthawi zina tulutsani ma Twin awiri mulowetse Blood Moon kapena Keranos, God of Storms, iye azingogwirabe removal yake m'manja kudikira Twin yomwe mwaisiya m'bokosi.