Musanakakumane ndi ofuna kuika ndalama mu bizinesi yanu

Anzanga a kuno ku Blantyre amene mwayamba kabizinesi ndipo mukusaka oti aikemo ndalama, siyani kaye kukongoletsa masilaidi ofotokozera bizinesi yanu. Anthuwa amafuna umboni woti alipo amene akugula. Sindikizani sitetimenti ya Airtel Money kapena Mpamba ya miyezi ingapo. Ngakhale makasitomala anu akhale owerengeka a ku Limbe ndi ku Ndirande, bola ndalama zikuoneka kuti zikulowa.

Funso lovuta kwambiri ndi la kwacha. Mu Novembala 2023 ndalama yathu inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndiye wobwera ndi madola adzafunsa ndithu kuti phindu lake mudzaliteteza bwanji, makamaka ngati katundu mumaitanitsa kunja. Apa musayankhe kuti "tidzaona konko". Muonetseni mitengo yomwe mungakweze osathawitsa ogula, komanso zinthu zomwe mungazipeze konkuno. Za kuthima kwa magetsi nazonso khalani ndi yankho.

Satifiketi ya kampani ndi TPIN (nambala yanu yolipirira msonkho) ya ku MRA zikhale m'chikwama. Gawo la kampani lomwe mungalole kugulitsa muganiziretu kunyumba, chifukwa munthu akangotchula mamiliyoni patebulo mutu umazungulira.