Mwapita kukaphunzitsa Chingerezi kunja? Anzanu muwapeze chonchi

Masabata oyamba mumakhala bize ndi mapepala, nyumba, kuzolowera sukulu, ndiye kusungulumwa simukumva. Kumadzabwera pambuyo, Loweruka masana foni ili zii. Musadikire mpaka pamenepo.

Yambani ndi kuika app imene eni dziko amagwiritsa ntchito, osangokakamira WhatsApp. Ku Korea ndi KakaoTalk, ku Japan LINE, ku China WeChat, ku Vietnam Zalo. Magulupu a aphunzitsi amakhala mmenemo komanso pa Facebook, ndipo ndi momwe mumamvera za dokotala wolankhula Chingerezi kapena za wina amene akubwerera kwawo ndiye akugulitsa njinga ndi mapoto motchipa. Ngati mwalowera pulogalamu ya boma ngati EPIK ya ku Korea kapena JET ya ku Japan, mumayamba ndi maphunziro limodzi ndi anzanu ongofika kumene, tengani manambala pompo chifukwa mukabalalika ena amakaponyedwa kumidzi kutali zedi. Kulinso mabungwe a aphunzitsi, KOTESOL ku Korea ndi JALT ku Japan, ali ndi nthambi mmadera ambiri.

Koma vuto ndi ili, makontirakiti ambiri ndi a chaka chimodzi. Ku Korea Febuluwale ndi Ogasiti akamatha anthu amamanga katundu, amene mumacheza naye Lachisanu lililonse uja wapita, mwayambanso pa ziro. Nchifukwa chake ine ndimati musatsamire pa alendo anzanu okha. Mphunzitsi wakonko amene mumagawana naye kalasi sapita kulikonse, muzimufunsa zinthu olo zazing'ono, anthu amamasuka akaona kuti mukuwadalira. Akakuitanani ku chakudya cha onse ogwira ntchito, hoesik ku Korea kapena enkai ku Japan, pitani olo simumwa mowa, kumeneko ndi kumene ahedi amayamba kukudziwani ngati munthu. Chilankhulo nachonso yesaniko, Hangul, alifabeti ya ku Korea, ili ndi zilembo zoyambira 24 zokha, zikwangwani muyamba kuwerenga msanga.

Kenako pezani chinthu chimodzi chochitika tsiku lomwelo sabata iliyonse, kaya timu ya mpira, kwaya, kukwera mapiri, bola nkhope zikhale zomwezo. Koma gulupu ija imene anthu amangodandaula za mabwana ndi dziko la eni kuyambira mmawa mpaka usiku, ikeni pa mute basi, muzingoitsegula mukafuna kufunsa za viza.