Mmene mungayesere mwala wa buluu umene akuti ndi benitoite

Benitoite woyenera kusema n'kuvala amachokera pamalo amodzi okha padziko lonse, m'mapiri a San Benito County ku California, m'dziko la America. Ku Japan ndi ku Arkansas anapezekako, koma ndi tizidutswa tosati n'kusema. Ndayambira pamenepa chifukwa munthu akangoona chithunzi pa Facebook, n'kuonanso mtengo wake m'madola, mwala uliwonse wa buluu umene uli m'thumba mwake umasanduka benitoite tsiku lomwelo. Ine ndimasema ndi kupukuta miyala ku Limbe, ndipo izi ndi zimene ndimachita wina akandifunyululira kapepala n'kunena dzina limeneli.

Choyamba ndimafunsa kuti, "Achimwene, mwalawu wachokera kuti?" Akati ku Chimwadzulu ku Ntcheu, maganizo anga amapita pa sapphire. Akati ku Mzimba, ndimaganiza za aquamarine. Akati wadutsa pa Songwe, mwina ndi tanzanite wa ku Merelani ku Tanzania. Yonseyi ndi miyala yabwino, ili ndi mitengo yakeyake, ndipo palibe chifukwa choibatiza dzina lachilendo. Kusokonezaku sikunayambe lero. James Couch, amene anapeza miyalayi mu 1907, iye ndi anzake ankayesa kuti ndi sapphire. Anali George Louderback wa pa yunivesite ya California ku Berkeley amene anaiyeza n'kupeza kuti ndi mwala watsopano wokhala ndi barium, titanium, silicon ndi okosijeni. Mu 1985 boma la California linausankha kukhala mwala wake wapamtima.

Ngati mwalawo sunasemedwe, mwachita mwayi, chifukwa maonekedwe ake amaulula zambiri. Benitoite amamera ndi ngodya zitatu, wophwatalala ngati samusa. Sapphire amakhala ndi mbali zisanu ndi imodzi, wonenepa pakati, ndipo aquamarine amakhala wamtali, wa mbali zisanu ndi imodzinso. Yang'ananinso zimene zamatirira. Ku San Benito mwalawu unapangika m'ming'alu ya thanthwe lotuwa mobiriwira lotchedwa blueschist, lozunguliridwa ndi serpentine, kumene nthaka inapanikizika kwambiri koma popanda kutentha koopsa. Ming'aluyo inadzadza ndi natrolite, mwala woyera mbee, ndipo okumba amausungunula ndi asidi kuti benitoite aonekere. Choncho chidutswa chenicheni chimabwera ndi zoyerazo, kawirikawiri pamodzi ndi timitengo takuda ta neptunite ndi timadontho tofiirira ta joaquinite. Mwala wa buluu umene wakhala pa mica kapena pa dothi lofiira la kwathu kuno ukunena nkhani ina.

Kukula kwake nakonso kumalankhula. Benitoite wosemedwa nthawi zambiri safika carat imodzi, imene ndi magalamu 0.2, ndipo wopitirira macarat awiri ndi wosowa zedi. Wina akakutulutsirani wa macarat 10 woyera bwino, mutha kuyamba kutsanzika.

Tsopano tengani galasi lokulitsa ka 10, lija aliyense wogula miyala amayenda nalo m'thumba. Suzumirani pamwamba pa mwala wosemedwawo, maso anu akafike pa mizere ya kunsi kumene mbali zimakumana. Mwa benitoite kuwala kumagawika pawiri kwambiri, moti mzere uliwonse umaoneka ngati iwiri yoyandikana. Pendeketsani mwalawo mbali zingapo, chifukwa pali mbali imodzi imene kuwirikizaku sikuoneka. Mwa sapphire kugawikaku ndi kochepa kwambiri, simungakuone chisawawa, ndipo mwa galasi losemedwa ngati mwala ndi mwa spinel, mwala wina umene umakhalanso wa buluu, mulibiretu. Pa dzuwa mudzaonanso timoto tofiira, tachikasu ndi tobiriwira tikuthwanima mkati. Pa zimenezi benitoite amapikisana ndi dayamondi, ngakhale kuti buluu wakuda amabisako motowo.

Kuyesa kumene ndimakukonda sikulira ndalama. Tsegulani tsamba loyera pa laputopu, gwirani mwala ndi kachopanira patsogolo pa sikirini, muziuzungulitsa pang'onopang'ono. Kuwala kwa sikirini yotere kumayenda mbali imodzi, choncho kumakuonetsani mtundu umodzi pa nthawi. Benitoite amachoka pa buluu weniweni n'kufika poyera ngati mulibe mtundu. Sapphire amangosintha pang'ono, kuchoka pa buluu kupita pa buluu wobiriwirako. Tanzanite amapita ku pepo. Galasi limangokhala chimodzimodzi ngakhale mulizungulitse mpaka mkono kutopa.

Kenako kulemera. Apa ndipofunika kudekha, ndiponso sikelo yowerenga mpaka magalamu 0.001. Sikelo ya 0.01 ingakunamizeni pa mwala waung'ono. Yezani mwala uli wouma, lembani. Ikani kakapu ka madzi pa sikelo, bwezani pa ziro. Mangani mwala ndi ulusi wopyapyala, muumize wonse m'madzi uli lende, usagunde pansi kapena m'mbali, ndipo pasakhale kathovu kokakamira. Lembani nambala imene yabwera. Gawani yoyamba ndi yachiwiri, ndipo yankho likuuzani kuti mwalawo ndi wolemera kangati kuposa madzi a kukula komweko. Tinene kuti wouma unali 0.365, m'madzi sikelo yawerenga 0.100, yankho ndi 3.65, ndipo benitoite amakhala pamenepo. Sapphire amapereka 4.0, tanzanite 3.35, aquamarine 2.7, galasi wamba cha m'ma 2.5. Bwerezani kangapo, ndipo tsekani zenera ndi fani, chifukwa kamphepo kokha kamasuntha manambala.

Koma musathamangire kusangalala ndi 3.65. Spinel wa buluu wopangidwa ku fakitale amalemera chomwecho, kyanite, mwala winanso wa buluu, nayenso ali pomwepo. N'chifukwa chake mizere iwiri ija ndi kusintha kwa mtundu ziyenera kugwirizana ndi sikelo. Spinel amagwa pa mayeso awiri onsewo, pamene kyanite amadziwika ndi maonekedwe ake aatali, ophwatalala, okhala ndi mizere yong'ambika motsata utali.

Chimene benitoite amatchuka nacho kwambiri ndi kuyaka mumdima pansi pa nyali ya UV (ultraviolet, kuwala kumene maso sakuona), ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amasochera. Nyali za UV zilipo ziwiri. Ija amaunikira ndalama za pepala m'masitolo, komanso titochi tofiirira timene timagulitsidwa m'misika, ndi za mafunde aatali, cha m'ma 365 mpaka 395 nm (nm ndi muyeso wa utali wa mafunde a kuwala). Pa imeneyo benitoite wa buluu sachita kanthu kwenikweni, kupatula oyera ena amene amafiirira pang'ono. Yofunika ndi ya mafunde aafupi, ya 254 nm. Mukaunikira ndi imeneyo m'chipinda chamdima, mwalawo umayaka buluu wowala motuwira, osachita kufunsa. Ndiye wogulitsa akakuyatsirani katochi ka mumsika, mwala n'kuwala kwambiri, chimenecho si chizindikiro cha benitoite ayi. Nyali ya 254 nm imawotcha maso ndi khungu: valani magalasi oteteza, musaiyang'ane, ndipo mwala muuike patebulo, osati m'manja. Dziwaninso kuti sapphire wopangidwa ku fakitale ndi wina wootchedwa pamoto amathanso kutuwa pansi pa nyaliyi, ngakhale mofooka. Nyali payokha siigamula mlandu.

Za kukanda sindizilimbikitsa. Pa muyeso wa Mohs, woyezera kulimba kwa miyala, benitoite ali pa 6 mpaka 6.5, quartz pa 7, sapphire pa 9, kotero kachidutswa ka quartz kangakande benitoite koma osati sapphire. Zoona, koma mukakanda mwala wosemedwa mwauchotsera mtengo, ndipo mwini wake sakusiyani. Chitani zimenezi pa wosasemedwa wokha, pakona pobisika, mwini atavomera.

Amene ali ndi refractometer, makina oyezera mmene kuwala kumakhotera kukalowa m'mwala, ayembekezere manambala awiri, 1.757 ndi 1.804. Woyambayo ali pafupi kwambiri ndi wa sapphire, amene amawerenga 1.762 mpaka 1.770, pamene wachiwiriyo ali kumapeto kwenikweni kwa makinawo, cha pa 1.81. Wopupuluma amaona woyamba yekha n'kulemba kuti sapphire. Zungulitsani mwala pa makinawo mpaka mzere wachiwiri uoneke.

Pali chinanso chimene ndimamva kawirikawiri: munthu wauzidwa kuti mwala wake uli ndi barium, basi akuti ndi womwewo. Barium yekha si wosowa. Barite, amene amapezeka ngakhale ku Kangankunde ku Balaka, ndi barium wosakanikirana ndi sulfur, wolemera mpaka 4.5 koma wofewa moti mpeni umamukanda, ndipo amagulitsidwa pa matani kwa okumba zitsime za mafuta. Chosowa ndi barium kukumana ndi titanium ndi silicon m'malo oyenera.

Mwala ukapambana mayeso onsewa, musapereke ndalama tsiku lomwelo. Kwerani minibasi ya ku Zomba limodzi ndi mwini wake mukauonetse ku Geological Survey Department, ndipo ngati wogulitsa akuti anaugula kunja, apereke satifiketi ya labu yodziwika yoyeza miyala monga GIA ya ku America, nambala yake muifufuze nokha pa intaneti. Ukatsimikizika, ine ndingauike pa ndolo kapena pa mkanda, osati pa mphete yovala tsiku lililonse. Fumbi la m'misewu yathu lili ndi timchenga ta quartz, ndipo timeneti ndi tolimba kuposa benitoite, moti popukuta muziyamba mwautsuka ndi madzi ofunda ndi sopo musanaukhudze ndi nsalu.