Momwe mungachepetsere thupi popanda kusokoneza ubongo

Ubongo wa munthu wamkulu sulemera kufika kilogalamu imodzi ndi theka, koma umadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu zonse zimene thupi limagwiritsa ntchito munthu akakhala phee. N'chifukwa chake nkhani yochepetsa thupi sithera pamimba ndi m'chiuno pokha, imafika kumutu. Ena akaonda mutu umayamba kugwira bwino, ena amayamba kuiwalaiwala. Kusiyana kwake kwagona pa njira imene munthu watsata.

1. Yambani mwadziwa ngati pali chofunika kuchepetsa

Tengani tepi muyeze kuzungulira mimba, cha pamwamba pang'ono pa mchombo. Ngati muyesowo waposa theka la msinkhu wanu, mafuta a m'mimba achuluka. Munthu wotalika masentimita 170 asapitirire 85. Mafuta amenewa ndi amene amayenda limodzi ndi shuga ndi BP, ndipo matenda awiriwa amawononga timitsempha ting'onoting'ono topereka magazi ku ubongo. Akatswiri amene anasonkhanitsidwa ndi magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2020 anaika kunenepa kwambiri pa zaka zapakati m'gulu la zinthu 12 zimene zimawonjezera chiopsezo cha matenda oiwala a muukalamba, otchedwa dementia.

2. Chepetsani chakudya, osadzipha ndi njala

Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa. Munthu amadzuka Lolemba atalumbira kuti sadya mpaka madzulo. Ikamakwana 3 koloko masana, wawerenga mzere umodzi katatu osamva kanthu, walowa m'chipinda n'kuima pakati osadziwa chimene amadzatenga, ndipo aliyense womulankhula akumukwiyitsa. Pofika Lachinayi wasiya.

Zimenezi si zachilendo. Mu 1944 ndi 1945, Ancel Keys wa ku yunivesite ya Minnesota anachita kafukufuku pa amuna 36 amene anadzipereka okha. Kwa milungu 24 ankapatsidwa pafupifupi theka la chakudya chawo cha nthawi zonse, ndipo anataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwawo. Ankadandaula kuti maganizo sakukhazikika, anafooka, anasiya kusangalala ndi zinthu, ndipo ena anayamba kusonkhanitsa mabuku ophikira n'kumangowayang'ana. Chodabwitsa n'chakuti pa mayeso a nzeru sanatsike kwenikweni. Nzeru zinalipo, koma mutu wonse unadzaza ndi chakudya, malo oganizira zina anasowa.

Kuchepetsa kwa pang'onopang'ono kumapereka chithunzi china. Mu 2009, ofufuza a ku Münster m'dziko la Germany anatsata anthu 50 a zaka za m'ma 60. Amene anauzidwa kuchepetsa chakudya ndi magawo 30 pa 100 kwa miyezi itatu anayamba kukumbukira bwino mawu amene anawapatsa kuti aloweze, ndi pafupifupi magawo 20 pa 100, ndipo insulin, imene imayendetsa shuga m'thupi, inatsika m'magazi mwawo. Anthu 50 ndi ochepa, musakokomeze. Kafukufuku wamkulu wa Look AHEAD ku America, wa anthu a shuga oposa 5,000, sanapeze kusiyana kooneka pa kaganizidwe pakati pa amene anaikidwa pa ndondomeko yochepetsa thupi ndi enawo patapita zaka pafupifupi 10. Ine ndimaona chonchi: kuonda si mankhwala a nzeru, koma kumachotsa zina mwa zimene zimatopetsa ubongo.

Mlingo wabwino ndi kutsika ndi theka la kilogalamu mpaka kilogalamu imodzi pa mlungu. Yambani ndi zakumwa zotsekemera ndi mowa, kenako chepetsani kukula kwa mbale. Kutaya magawo 5 mpaka 10 pa 100 a kulemera kwanu n'kokwanira kuti shuga ndi BP ziyambe kusintha. Kwa munthu wa makilogalamu 90, amenewo ndi makilogalamu 4 ndi theka mpaka 9 basi.

3. Musachotse zimene ubongo sungakhale popanda

Vitamini B12 amapezeka mu nyama, nsomba, mazira ndi mkaka. Akachepa, munthu amaiwala, amamva dzanzi m'mapazi ndi m'manja, ndipo amatopa. Amene amwa mankhwala a shuga a metformin kwa zaka zambiri ali pachiopsezo chachikulu, choncho ndi bwino kupempha adokotala kuti ayeze. Ayironi akachepa magazi amachepanso, maganizo amabalalika, makamaka kwa amayi amene akusamba. Amene anachitidwa opaleshoni yochepetsa chifu asasiye mavitamini amene anapatsidwa. Kusowa kwa vitamini B1 kumatha kusokoneza mutu m'milungu yochepa, makamaka ngati akusanza pafupipafupi.

Madzi musaiwale.

4. Yendani

Ndikanati ndisankhe chinthu chimodzi pa zonsezi, ndikanasankha ichi. Mu 2011, Kirk Erickson ndi anzake anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa achikulire 120. Theka la iwo ankayenda mwandawala mphindi 40, katatu pa mlungu, kwa chaka chathunthu. Kachigawo ka ubongo kotchedwa hippocampus, kamene kamathandiza kusunga zinthu zatsopano, kanakula ndi pafupifupi magawo 2 pa 100, pomwe kwa enawo kanachepa. Bungwe la WHO limalangiza mphindi 150 mpaka 300 pa mlungu. Yendani mofika poti mukhoza kulankhula koma simungaimbe. Kawiri pa mlungu nyamulaninso zolemera kapena chitani masewera olimbitsa minofu, chifukwa munthu akamaonda minofu imapita limodzi ndi mafuta.

5. Funsani amene mumagona naye ngati mumaliza mkonono

Anthu ambiri onenepa amasiya kupuma kwa timasekondi kambirimbiri usiku osadziwa. Amadzuka mutu ukuwawa, amawodzera masana, dzina la munthu amene anakumana naye dzulo lawathawa. Thupi likachepa vutoli limachepanso, ndipo kwa ambiri apa ndi pamene mutu umayamba kupepuka. Gonani maola osachepera 7. Tulo tikachepa njala imakula.

6. Lembani za mutu, osati za sikelo zokha

Kamodzi pa mlungu, pambali pa makilogalamu, lembani mmene mwagonera, ngati mukutha kuwerenga tsamba lonse osabwerera, ndi zimene mwaiwala. Mukaona chizungulire, kunjenjemera ndi thukuta lozizira, ndiye kuti mwachepetsa chakudya mofulumira kwambiri. Amene mumabaya insulin kapena kumwa mankhwala a shuga a glibenclamide, kambiranani ndi adokotala musanachepetse chakudya, chifukwa shuga akatsika kwambiri munthu amasokonezeka mpaka kukomoka.

Zonsezi ndi za munthu amene wafuna yekha kuonda. Ngati mayi kapena bambo anu achikulire zovala zayamba kuwakhwepa osachitapo kanthu, ataya magawo oposa 5 pa 100 a kulemera kwawo m'miyezi 6 mpaka 12, musawayamikire kuti akuoneka bwino. Kuonda kotere kumatha kuyamba zaka zingapo zizindikiro za dementia zisanaonekere, komanso kumabwera ndi shuga, TB, khansa kapena matenda a nkhawa. Pitani nawo kuchipatala, ndipo munene mwezi umene munayamba kuona kusinthako.